Cidwi cathu cikuthela pa foni ya mnzathu

Liwu lakuti cidwi limagwila nchito zambili. Mwana akamakonda masamu timati ali ndi cidwi ndi sukulu. Nkhani ya pa wailesi ikakoma timati ndi yocititsa cidwi. Mnyamata akanena kuti "nacita naye cidwi mtsikana uja", tonse timadziwa kuti si masamu akumuvuta. Koma pansi pa zonsezi pali cinthu cimodzi: mtima wofuna kudziwa.

Manje onani mmene timacigwilitsila nchito mu minibasi. Tikakhala anayi-anayi pampando, mnzako akangotulutsa foni, maso ako ali kale pa WhatsApp yake. Ena amawelenga mpaka uthenga wa mobile money, kuti walandila zingati. Galimoto zikagundana pa Great East Road, makosi onse pawindo, mafoni m'mwamba kujambula. Ine ici sindicicha cidwi. Dzina lake ndi kusuzumila za eni.

Koma wina angofunsa kondakita kuti, "Bwanji mtengo wakwela lelo?" Basi yonse imamutembenukila. "Imwe amai, mufuna kuziba vonse? Lipilani cabe, tacedwa." Wofunsa zenizeni ndiye amaoneka wovuta.

Pamene funso lake lili ndi yankho. Mtengo wa mafuta amalengeza ndi a ERB, ndipo kusintha kwa mitengo ya mabasi amalengeza ndi a RTSA atakambilana ndi eni mabasi. Si kondakita kapena ngwangwazi wa pa Kulima Tower amene amaika mtengo malinga ndi mmene mitambo yaonekela madzulo. Ndi angati mwa ife amadziwa mtengo wovomelezeka wocoka m'tauni kupita ku Matero kapena ku Chawama? Mafuta akakwela timauzidwa m'mawa womwewo, tisanakhale n'komwe pansi. Akatsika, zii. Ndipo K2 yowonjezela popita ndi pobwela, masiku 26 a nchito, ndi K104 pamwezi. Imeneyo ndi ndiwo za ana.

Makolo anati safunsa anadya phula, koma ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana wofunsafunsa alibe ulemu. N'cifukwa cake timafunsa monong'ona, titatsika kale, basi itapita.

Amai aja akadzafunsanso mawa, musawaseke. Ikani foni m'thumba, mufunse nawo: "Akondakita, mtengo uyu analengeza ndani?"