Za Akazi Ocotsedwa Ciberekero: Mlandu Uli pa Ife

Abale ndi alongo a m'mipingo ya kuno ku Cigwa ca Shire, ndiri ndi mlandu umene ndifuna kuutula pabwalo, ndipo oimbidwa mlanduwo ndife tomwe, amuna ndi akazi, akuru a mpingo ndi aphunzitsi omwe. Ndidziwa kuti ena adzati nkhani yotere nja kuseri, siyenera kulembedwa m'kalata wowerengedwa ndi anthu onse. Koma ine nditi, cinthu cimene cipasula mabanja poyera ciyenera kunenedwanso poyera.

Mai wina wa mu mpingo wathu, wa zaka zosafika 40, anadwala nthenda yotaya mwazi miyezi yambiri. Anamtengera ku cipatala, ndipo madotolo, pofuna kupulumutsa moyo wace, anamcotsa ciberekero pamodzi ndi timatumba tiwiri ta mazira. Bala linapola bwino, nabwera kumudzi, ndipo tonse tinayamika Mulungu. Koma usanathe mwezi anayamba kumva moto m'thupi: kutentha kocokera pacifuwa, kukwera m'khosi kufikira kumaso, thukuta liri kamukamu, mtima uli kugunda. Usiku anali kudzuka nsaru zitanyowa, tulo osabweranso. Tsiku lina la Mulungu anaturuka pakati pa ulaliki nakakhala pansi pa mtengo. Pomwepo manong'onong'o anayamba. Wina anati ndi malungo osamva mankhwala. Wina anati thukuta la usiku lisonyeza kacirombo. Wina anati mizimu yamgwira. Winanso anachula dzina la nkhalamba imene akuti inamlodza. Pamapeto pace abale a mwamuna anayamba kunena za malowolo ao, nati m'nyumbamo mulibenso mkazi.

Mwa ife tonse panalibe mmodzi wodziwa coona, ngakhale ine amene ndiima patsogolo pa ana kuwaphunzitsa za ukhondo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinayamba kufunsa kwa odziwa za mankhwala ndi kuwerenga. Zimene ndinapeza ndi izi.

Ciberekero ndico nyumba ya mwana asanabadwe. Pambali pace pali timatumba tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, momwe mucokera mazira. Koma timatumbato tiri ndi nchito yinanso: tithira m'mwazi micere imene asing'anga a cipatala aicha mahomoni, ndipo waukuru mwa iyo ndiwo esitirojeni. Mcere umenewu uthandiza thupi kusunga kutentha kwace pa muyeso woyenera, ulimbitsa mafupa, uchinjiriza mitsempha ya mwazi, ndiponso usunga cinyontho m'njira ya cikazi. Mkazi akafika zaka za pakati pa 45 ndi 55, timatumbato ticepetsa nchito yace pang'onopang'ono, kwa zaka zingapo, kufikira aleka kusamba. Motero thupi lipeza nthawi yakuzolowera. Koma mpeni wa dotolo ukaticotsa tonse tiwiri, esitirojeni agwa m'masiku owerengeka okha. Mtsinje wophwa pang'onopang'ono m'cirimwe upatsa mlimi nthawi yakukumba citsime. Mtsinje wotsekedwa usiku umodzi uumitsa dimba lonse. Ndico cifukwa cace zowawa za mkazi wocitidwa opaleshoni yotere ziposa kawirikawiri za amace amene analeka kusamba ndi ukalamba.

Dziwaninso ici: ngati dotolo wacotsa ciberekero cokha nasiya timatumba ta mazira, mkaziyo aleka kusamba ndi kubala, koma micere ija ikhalapobe. Potero mkazi ali yense wocitidwa opaleshoni ayenera kufunsa, asanaturuke m'cipatala, kuti camcotsedwa nciani, ndi cimene casiyidwa nciani. Thupilo nlace, ndipo kufunsa si mwano.

Zizindikiro zace nzodziwika kwa madotolo a maiko onse: moto wa m'thupi umene ubwera mwadzidzidzi ndi kupita patapita mphindi zowerengeka, thukuta la usiku, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kukwiya msanga, cisoni cosadziwika cocokera, kuphwanya kwa mfundo, ndi kuuma kwa njira ya cikazi kumene kucititsa kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Akazi a ku London ndi a ku Johannesburg azimva monga momwe azimvera a ku Bangula ndi ku Makhanga. Kodi mfiti ya kwathu kuno iri ndi mphamvu yanji, kuti ilodze akazi a dziko lonse lapansi ndi nthenda imodzimodzi, pa nthawi imodzimodzi ya moyo wao? Inu amene muloza cala nkhalamba, kumbukirani kuti lamulo la dziko lino la caka ca 1911 liyesa wopalamula munthu wonenera mnzace ufiti. Ndipo lamulo la Mulungu linaletsa kale umboni wonama.

Ena adzati, Nanga bwanji anabvomera kumng'amba? Makolo athu sanali kucita zotere. Inde sanali kucita, ndipo akazi ao anali kuikidwa m'manda. Madotolo sacotsa ciberekero mwa masewera. Acicotsa pamene cang'ambika pobereka, pamene mwazi wakana kuleka mwana atabadwa, pamene zotupa zakula m'kati mwace, kapena pamene khansa yagwira khomo lace. Malawi ali pakati pa maiko amene khansa ya khomo la ciberekero ipha akazi ambiri koposa pa dziko lapansi. Cifukwa ca ici bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba m'caka ca 2018 kuthandizana ndi boma pa nthendayi ku Blantyre, ndipo m'caka ca 2019 boma linayamba kupereka kwa atsikana katemera woichinjiriza m'dziko lonse. Mkazi wobwera wamoyo kucokera ku opaleshoni yotere ndi munthu wolanditsidwa m'kamwa mwa ng'ona. Kodi wopulumuka ku ng'ona timlandira ndi mwano cifukwa ali ndi zipsera?

Tsopano ndinene ndi inu amuna anzanga, pakuti mlandu waukuru uli pa ife. Tinaima pamaso pa mpingo, tinalonjeza kusunga akazi athu podwala ndi pokhala bwino. Kodi tinalonjeza kwa ciberekero kapena kwa munthu? Munena kuti sali mkazinso. Nanga amai anu okubalani, amene analeka kusamba kalekale, muwayesa amuna kodi? Dotolo sanacotse manja amene anakulimirani mapira ndi thonje, sanacotse msana umene unabereka ana anu, sanacotse mtima umene unakupirirani zaka zonsezi. Njira ya cikazi iripobe, ndipo bala likapola, monga patapita masabata 6 kapena monga anena dotolo, mwamuna ndi mkazi akhoza kukhala pamodzi monga kale. Ngati amva kuwawa, sikuti akukanani kapena ali ndi mwamuna wina; ndi kuuma kuja, ndipo kuli mankhwala opaka amene athandiza. Mwamuna wanzeru aperekeza mkazi wace ku cipatala nakafunsa naye pamodzi. Kumbukirani Elikana, amene sanataye Hana m'zaka zonse zimene analibe mwana, koma anamtonthoza namkonda koposa. Ndipo inu a cibale amene muwerenga malowolo, mkazi si mbuzi yakuti ikaleka kuswa ibwezedwe kwa mwini khola.

Inu amai a mpingo ndi anankungwi, mulangiza namwali pa kusamba kwace koyamba, mulangiza wapakati pa mimba yace yoyamba. Nanga pa khomo ili lotsiriza, bwanji mukhala cete? Ambiri a inu munaumva moto umenewu m'matupi mwanu, nimunaubisa monga cinthu ca manyazi. Mukadanena mau amodzi okha, kuti, Mwanawe, ifenso tinadzera momwemo, mai uja sakadalira yekha pansi pa mtengo. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ndi inu akuru a mpingo, m'mene mkazi wotaya mwazi zaka 12 anakhudza cobvala ca Ambuye m'khamu la anthu, Iye sanamthamangitse monga wodetsedwa, koma anamucha mwana wace pamaso pa onse. Ife tikaona mkazi alikuturuka pakati pa mapemphero, timyesa wamwano. Akaleka kubwera, timlemba m'buku la ofooka. Mwamuna wace akatenga mkazi wina, tizengereza mlanduwo miyezi ndi miyezi. Zotere siziyenera. Mpatseni malo pafupi ndi khomo kapena zenera, mumcezere kwace, ndipo mwamunayo mumuitane msanga banja lisanagwe.

Kwa anchito a zipatala ndipempha cinthu cimodzi: musamturutse mkazi wotere ndi mau a bala lokha. Muuzeni zimene zidzamgwera, ndipo muuzenso mwamuna wace. Mau a mphindi zisanu akhoza kupulumutsa ukwati wa zaka 20.

Ndipo inu mai amene mulikumva zowawazi, musataye mtima, pakuti thandizo liripo. Madotolo ali ndi mankhwala obwezera esitirojeni m'thupi, ndipo kwa mkazi wocotsedwa timatumba ta mazira akali wamng'ono, kawirikawiri alangiza kuwalandira kufikira zaka za pafupi ndi 50, kuti moto uja uzime ndi mafupa asafooke. Koma sayenera munthu ali yense: amene anadwala khansa ya m'mawere, kapena nthenda ya ciwindi, kapena amene mwazi unaundanapo m'mitsempha mwace, akhoza kupwetekedwa nao, ndipo kwa otere kuli mankhwala ena. Cifukwa cace musagule mibulu pamsika, kapena kumwa ya mnzanu. Pitani ku cipatala ca boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ku St Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, kapena kumene anakucitani opaleshoni, mutanyamula buku lanu la cipatala, nimufotokoze zonse osabisa.

Zirinso zina zimene mungacite kwanu. Dziko lathu nlotentha. M'miyezi ya October ndi November ku Ngabu kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo moto wa kunja uonjezera moto wa m'kati. Bvalani nsaru zopepuka za thonje, sungani madzi a mumtsuko ndi kansaru konyowa pafupi ndi mphasa, limani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Tiyi wotentha, tsabola, mowa ndi fodya ziutsa motowo mwa akazi ambiri. Yesani kuzileka muone. Ngakhale kutenthe, musaturuke m'masikito usiku, pakuti udzudzu wa m'madambo a Shire sudziwa cifundo. Polimbitsa mafupa idyani usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yace, bonongwe, masamba a cam'mwamba, citowe, malambe, ndi mkaka wowiritsa ukapezeka. Ndipo bala litapola musaleke kuyenda ndi kugwira nchito. M'masabata oyamba musasenze mtsuko kapena mtolo wa nkhuni. Imeneyo ikhale nchito ya mwamuna ndi ana.

Koma cenjerani, si kutentha konse kumene kucokera ku opaleshoni. Moto uwu ubwera nupita. Malungo akhalitsa, ndi kunjenjemera ndi mutu. Mukatentha thupi tsiku lonse, mukatsokomola masabata awiri, mukaonda, mukaona mwazi kapena mafinya, mwendo ukatupa, kapena cisoni cikakula kufikira kulakalaka imfa, musacedwe, thamangirani ku cipatala. Kuyezetsa mwazi ndi makhololo ndi nzeru. Koma woyeza ndi dotolo, si anthu a pacitsime ai.

Kwa akazi ambiri zowawazi zicepa m'kupita kwa zaka. Cimene sicipola msanga ndi bala la mau athu. Mai uja wa mu mpingo wathu alipo, alikulima dimba lace, ndipo wabwerera pakati pa oimba. Mwamuna wace, atamva zoona zace, anabweza abale ace ndi mau ao. Koma nkhalamba imene tinainenera ufiti, kufikira lero palibe wapita kukaipepesa. Akazi otere alipo m'midzi yathu kuyambira ku Chapananga kufikira ku Marka, ndipo ambiri alikubisala ndi manyazi amene sali ao. Pa msonkhano wa akuru ndi wa amai mwezi uno, werengani kalatayu mokweza, ndipo mufunsane kuti m'mudzi mwanu ndani amene mwamlakwira.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa ku Cigwa.