ZA UMOYO WATHU: Chipsera cha m'mapapo chimafika m'mimba

M'midzi yathu ya Ngauma, Mandimba ndi Cuamba muli anthu amene anadwala chifuwa chachikulu cha TB, anamwa mankhwala miyezi 6 nachira, koma mpaka lero ali owondabe. Ena ndi madala amene anakumba golide ku Joni. Akakwera kachitunda amapuma mwawefuwefu, nsima saifuna, m'mimba mumawavuta. Pamudzi timafulumira kunena kuti anawalodza. Tisanaloze munthu chala, tiyeni timve zimene akatswiri apeza.

TB ndi fumbi la miyala zimasiya zipsera m'mapapo. Pamene pali chipsera pamauma ngati chikopa, mpweya sudutsa bwino, ndipo chipseracho sichichoka.

Pofuna kumvetsa vutoli, akatswiri amaweta mbewa m'nyumba zofufuzira matenda. Amazithira pakhosi mankhwala otchedwa bleomycin, ndipo pakatha masabata 2 kapena 3 mapapo a mbewazo amachita zipsera. Atayang'ana m'matumbo mwake anapeza kuti tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya tasokonekera, ndiponso khungu la m'kati mwa matumbo lafooka. Bala linali pachifuwa, koma mimba inalawako.

Kwa munthu, madokotala amadziwanso ichi: mapapo akauma kwambiri, mtima umavutika kukankhiramo magazi. Magaziwo amadikha m'chiwindi ndi m'matumbo, miyendo n'kutupa, chilakolako cha chakudya n'kutha.

Tsono titani? Wodwala wotere tipite naye kuchipatala, kaya ku Massangulo, ku Mandimba kapena ku Cuamba, akafotokoze zonse ziwiri, za pachifuwa ndi za m'mimba. Akayezetsenso makhololo chifukwa TB imatha kubwerera, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Kunyumba tizimupatsa chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lotendera nsinjiro, nyemba, usipa ndi masamba. Asiye fodya, asakhalenso mu utsi wa kukhitchini. Makapisozi ogula pamsika ayi, chifukwa amapha ndi tizilombo tabwino tija.

Amene anagwira m'migodi ina ya golide ku South Africa pakati pa 1965 ndi 2019 adziwe kuti bungwe la Tshiamiso Trust, lomwe linakhazikitsidwa mu 2020, limapereka chipukuta misozi kwa odwala matenda a fumbi ndi TB, kuphatikizapo a kuno ku Mozambique. Sungani bwino mapepala anu a ntchito.

Paja akulu anati safunsa anadya phula.