Bomba la Nyukiliya Silithetsa Nkhondo, Limangoisamutsira kwa Ofooka

Pali chiphunzitso chimene chikumveka pakati pa anthu ena ophunzira, ngakhale m'maofesi a boma muno, chonena kuti dziko likakhala ndi bomba la nyukiliya ndiye kuti lagula mtendere. Iwo amati maiko awiri okhala ndi chida chimenechi sangamenyane, popeza aliyense amaopa kutha psiti. Ganizoli si latsopano. M'chaka cha 1979 katswiri wa ku Kenya, Ali Mazrui, ananena pa wailesi ya BBC kuti maiko a mu Africa ayenera kukhala ndi mabomba awoawo, ndipo m'chaka cha 1981 Kenneth Waltz wa ku America analemba kuti maiko okhala ndi zidazi akachuluka, nkhondo zingathe kuchepa. Ife tikuti ganizo limeneli n'losocheretsa, ndipo umboni wake uli pafupi ndi ife.

Munthu akaima pagombe kwa Kanyenda ku Nkhotakota, kunja kuli ngwee, amaona mapiri a ku Niassa m'dziko la Mozambique kutsidya kwa nyanja. Kuyambira 1977 mpaka 1992 dziko limenelo linali pa nkhondo yoopsa. Boma la Frelimo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union, pamene Renamo inaleredwa ndi Rhodesia, kenaka ndi boma latsankho la South Africa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo enanso pafupifupi miliyoni anathawira kuno, nadzaza Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaduka, kotero kuti fodya, tiyi ndi shuga wathu anayamba kuzungulira njira zazitali ndi zodula. Nthawi yonseyo America ndi Soviet Union, ndi mabomba awo zikwizikwi, sanaponyerane ngakhale limodzi. Kodi umenewo ndiwo mtendere? Makolo athu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Eni mabomba anaopana okhaokha, ndipo moto anakauyatsira ku Korea, ku Vietnam, ku Angola ndi kwa anansi athu.

Tisaiwale kuti bombali linafikapo m'chigawo chathu chomwe chino. Boma latsankho la South Africa linapanga mabomba asanu ndi limodzi mobisa. Kodi linakhala lofatsa chifukwa chakuti linali nawo? Iyayi! M'chaka cha 1981 asilikali ake anakapha anthu ku Matola pafupi ndi Maputo. M'chaka cha 1986 anaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana pa tsiku limodzi. Mtendere unabwera pamene tsankho linagwa, ndipo mabombawo anaphwasulidwa, monga F. W. de Klerk anaululira m'mwezi wa March 1993. Mpaka lero South Africa ndi dziko lokhalo limene linadzipangira lokha mabomba kenaka n'kuwataya, ndipo palibe amene analiukira chifukwa chowataya.

Ngakhale pakati pa eni mabomba, mfuti sizinaleke kulira. China ndi Soviet Union anamenyana pa mtsinje wa Ussuri m'chaka cha 1969. India ndi Pakistan anaphulitsa mabomba awo oyesera m'chaka cha 1998, ndipo chaka chotsatira anamenyana ku Kargil, kumene asilikali mazanamazana anafa. Anamenyananso m'mwezi wa May 2025. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtsogoleri akadziwa kuti mdani wake sangayerekeze kulanda likulu lake, amalimba mtima kuputa nkhondo zazing'ono m'malire, ali ndi chikhulupiriro chakuti zinthu sizifika poipa. Koma ndani angalonjeze kuti sizidzafika poipa? M'chaka cha 1962, pa mkangano wa ku Cuba, panangotsala pang'ono kuti dziko lonse lapansi lipse.

Ena adzati: nanga Ukraine, imene inapereka mabomba amene inatsala nawo itagwa Soviet Union, pa pangano la ku Budapest la 1994, sinaukiridwe mu 2014 ndi mu 2022? Inde inaukiridwa. Koma amene anaiukira ndi Russia, dziko lodalira mabomba ake kuti ena asalowererepo. Nkhaniyi ikutsimikiza zimene tikunena: bomba ndi chishango cha woputa. Tsono ngati mankhwala ake ndi akuti dziko lililonse likhale ndi bomba, tiganize bwino. Lero maiko asanu ndi anayi ali ndi mabomba oposa 12,000. Maikowo akadzafika makumi atatu, zala zokhala pa batani zidzachulukanso chomwecho, ndipo kulakwitsa kwa munthu mmodzi kudzakwanira.

Ifenso tili ndi mkangano wathu ndi Tanzania pa za malire a Nyanja ya Malawi, umene unabukanso m'chaka cha 2012. Unakambidwa pa tebulo, popanda kuwomberana, ndipo asodzi a kwa Kanyenda sanaleke kupita ku usipa. Umo ndimo maiko anzeru amachitira.

Dziko la Malawi linasankha njira yake. Linalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya m'chaka cha 1986, lili m'pangano la Pelindaba limene linayamba kugwira ntchito mu 2009 loletsa zidazi mu Africa monse, ndipo m'chaka cha 2022 linavomereza pangano la United Nations loletsa zidazi kotheratu. Koma kusaina pepala sikokwanira. Pansi pathu pali yureniyamu, ndipo mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kukumbidwa mu 2009. Tikumbukire kuti yureniyamu wochuluka wa mabomba oyamba a America, m'chaka cha 1945, anachokera ku Shinkolobwe m'dziko la Congo, eni nthaka osadziwa kanthu. Nchifukwa chake ogwira ntchito m'boma, maka oyang'anira migodi, malire ndi malonda akunja, ayenera kutsata lamulo la 2011 la mphamvu za atomu mosapenya nkhope, kuti mbiya iliyonse yotuluka m'dziko muno idziwike kumene ikupita ndi ntchito yake. Ndipo atsogoleri a m'madera, akamva wina akutama bomba pamsonkhano, amufunse funso limodzi: nkhondo ya eni mabomba ikadzabuka, idzamenyedwera m'munda mwa yani?