Foni ilire, manja akhale pachiwongolero

Sabata yatha ndinakwera Sienta yochokera ku Limbe kupita ku Zomba. Titangodutsa pa Namadzi foni ya adalaivala inalira, iwo n'kuyamba kuisaka m'thumba la buluku, maso ali pansi. Tonse tinangoti zii, mitima ili m'mwamba. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu osaka foni ndi mamita oposa 60 oyenda osaona kutsogolo, pamsewu wodzaza akabaza ndi ana asukulu.

Chonsecho mankhwala ake ndi osavuta. Galimoto ili chiimire, yatsani Bluetooth pafoni ndi pawailesi, kenako sankhani dzina la wailesiyo pafoni. Ikafunsa nambala, kawirikawiri imakhala 0000 kapena 1234. Kuyambira pamenepo zizilumikizana zokha mukaliza injini.

Mutu umaimira pa mawailesi obwera ndi galimoto za ku Japan, olembedwa Chijapanizi, ena opanda Bluetooth n'komwe. Apa gulani FM transmitter, kachipangizo kolowetsa pabowo loyatsira ndudu. Koma dziwani kuti mawailesi ambiri a ku Japan amathera pa 90 FM. Mukatchera kachipangizoko pa 107, wailesi sifikako, inu n'kumati anakugulitsani chakufa. Sankhani malo opanda siteshoni pakati pa 87.5 ndi 90, nambala ikhale yofanana mbali zonse ziwiri.

Chimodzi chokha ndinachidziwa mochedwa: mukangoyankha, muuzeni woimbayo kuti ali pasipika. Ine mnzanga wina anandikumbutsa mokalipa za ngongole ya feteleza, apongozi ali phee pampando wakumbuyo.