ANTCHITO OSAONEKA AFUNA CHISAMALIRO

Aliyense wowoloka mtsinje wa Mudi mu mzinda wa Blantyre m'nyengo ya chilimwe sachita kuuzidwa kuti madzi ake ndi oipa, pakuti mtundu ndi fungo lake zimachitira umboni. Komabe kumunsi kwa mtsinjewu amayi amachapamo zovala, ndipo alimi amathirira madzi omwewo ndiwo zamasamba zogulitsa m'misika.

Mafakitale ndi chitukuko, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kuti atsekedwe. Chofunika nchakuti madzi otuluka m'menemo ayeretsedwe asanafike mu mtsinje. Antchito ogwira ntchito imeneyi alipo kale ndipo safuna malipiro. Iwowa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amadya mafuta, utoto ndi zonyansa zina nazisandutsa madzi, mpweya ndi matope.

Nzeru imeneyi si ya lero ayi. M'chaka cha 1914 akatswiri awiri a ku Manchester, Edward Ardern ndi William Lockett, anasonyeza kuti madzi onyansa akapoperedwa mpweya, matope okhala ndi mabakiteriya nabwezedwamo, amayera m'maola owerengeka m'malo mwa masabata. Mu 1984 mgodi wa golide wa Homestake ku America unayamba kuchotsa poizoni wa cyanide m'madzi ake pogwiritsa ntchito mabakiteriya. Kuno ku Malawi, maiwe a ku Kauma mu mzinda wa Lilongwe amatsata njira ya chilengedwe yomweyo: ndere zimapereka mpweya, dzuwa nkumafulumiza ntchito.

Koma mabakiteriya ndi amoyo, ndipo chamoyo chimafa. Asidi wochuluka amawapha. Mabakiteriya sangathe kuwononga mtovu wa m'mabatire ndi chromium wofufutira zikopa; zitsulo zimenezi zimangokhazikika m'matope, ndipo matope otere sayenera kupita kumunda ngati manyowa.

Choncho udindo uli poyera. Mwini fakitale achotse asidi ndi zitsulo pakhomo pake asanatsegulire madzi m'mipope ya mzinda. Makhonsolo akonze makina opopera mpweya ndi kuvuula matope m'maiwe panthawi yake. Ogwira ntchito m'Boma, amene lamulo loteteza chilengedwe la 2017 linawapatsa mphamvu, ayese madzi kawirikawiri mopanda mantha kapena tsankho. Atsogoleri a Chipani m'madera a m'mbali mwa mitsinje asatope kudziwitsa akuluakulu pamene madzi asintha mtundu.

Fakitale imene itaya poizoni usiku pofuna kupulumutsa ndalama imangosamutsira ngongole yake kwa mlimi wa kumunsi ndi ku chipatala cha Boma.