Za Mtengo wa Cheri ndi Masiku Ace Owerengeka

Mwezi uno wa June, pamene ife kuno tiotha moto m'mamawa ndi kufunda mabulangete awiri usiku, kwa anthu a ku Ulaya ndiyo nyengo yofunda, ndipo dzuwa likhalitsa kufikira kupitirira ora la 9 madzulo. M'midzi ya ku Baden, m'dziko la Germany, pakati pa mtsinje wa Rhine ndi mapiri a nkhalango yochedwa Schwarzwald, banja liri lonse lokhala ndi mtengo wa cheri kuseri kwa nyumba liri pa nchito yaikuru masiku ano. Cipatso cimeneci ambiri a ife tinangociona m'citini, kapena pamwamba pa keke ya ukwati, atacinyika mu shuga kufikira kutha kukoma kwace kwenikweni. Pa mtengo ciri cozungulira ngati nthudza yaikuru, cofiira kapena cakuda bii, ca madzi ambiri, cokhala ndi nthangala imodzi yolimba m'kati, ndipo cilenjekeka pa kaphesi katali kobiriwira. Mitundu yace yaikuru ndi iwiri: wotsekemera, umene audya pomwepo, ndi wowawasa, umene auphika.

Mlembi wa ku Roma wakale, dzina lace Pliny, analemba kuti kazembe Lucullus ndiye anatenga mtengowu ku Pontus, m'dziko limene lero liri Turkey, nafika nao ku Italy zaka ngati 70 asanabadwe Ambuye wathu. Cheri wa m'thengo analipo ku Ulaya kale lomwe, koma nkhaniyo siiri yacabe, pakuti kufikira lero Turkey ndilo dziko lokolola macheri ambiri koposa maiko onse.

Tsono cinthu cozizwitsa ca mtengo umenewu ndi ici, kuti subala ukapanda kuzunzika ndi cisanu. Mphukira za maluwa ziumbika m'nyengo yofunda ya caka catha. Masamba akayoyoka, mphukirazo zigona tulo, ndipo sizidzuka kufikira zitapirira kuzizira kwa pansi pa madigiri 7 kwa maora ambirimbiri, pa mitundu yambiri maora 800 kapena 1,000 ngakhale kupitirira. Mtengo uwerenga maora amenewo monga ngati uli ndi nzeru, kuti tsiku limodzi lofunda pakati pa cisanu lingaunyenge nuphukira nthawi isanafike. Akristu a ku Germany ndi ku Austria adziwa bwino khalidwe limeneli. Pa 4 December, tsiku la Barbara Woyera, adula tinthambi ta cheri touma maonekedwe, natiika m'botolo la madzi m'nyumba yofunda, ndipo pofika Khirisimasi tinthambito tacita maluwa oyera, kunja kuli cipale cokhacokha. Koma caka cimene cisanu cacedwa kufika, tinthambi tikana kuphuka; cifukwa cace amai a masiku ano ayamba atigoneka m'firiji usiku umodzi kapena uwiri, kuti mtengo uyese kuti cisanu capita.

Wofuna cheri wabwino sabzala nthangala, pakuti mtengo womera pa nthangala sutengera mace. Ukhoza kubala tizipatso tating'ono towawa. Amezanitsa kanthambi ka mtundu wodziwika pa tsinde la mtengo wina, monga acitira alimi athu ndi mango ndi malalanje. Ndiponso mitundu yambiri ya cheri wotsekemera siibala ndi mungu wa iyo yokha: pafunika mtengo wa mtundu wina pafupi, wocita maluwa masiku omwewo, ndi njuci zonyamula mungu. Mabanja ambiri adikira zaka ndi zaka pa mtengo umodzi wokongola, wocita maluwa April ali yense koma wosabala, osadziwa kuti usowa mnzace. M'caka ca 1968, ku Summerland m'dziko la Canada, akatswiri anaturutsa mtundu wochedwa Stella, wobala wokha popanda mnzace, ndipo wa munda waung'ono anapeza mpumulo.

Mitengo ya makolo ku Baden inali yaitali koposa denga la nyumba ya nsanja, yoima apa ndi apo m'madambo a msipu, ndipo pothyola ankakwera makwerero a mtengo aataliatali, dengu atakoleka pa nthambi. Yambiri ikalipo, koma anyamata anapita ku mizinda, otsala m'mudzi ndi okalamba, ndipo nkhalamba ikagwa pa makwerero otere sikawirikawiri kudzuka msanga. Cotero mitengo ina yaikuru ibala caka ndi caka popanda woithyola. Lero ambiri abzala cheri womezanitsa pa tsinde lochedwa Gisela, limene linapezeka ku Giessen m'dziko lomwelo. Mtengo wace ukhala waufupi, wa mamita atatu kapena anai, nuyamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinai. Ife tiyesa kuti asankha bwino, angakhale mthunzi wa mtengo waufupi sukwanira banja lonse kukhala pansi pace.

Kuyambira maluwa kufikira kupsa ipita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'masiku amenewo mwini mtengo sagona tulo tabwino. Usiku umodzi wa cisanu m'mwezi wa April ungaoce maluwa onse, caka cimeneco nicipita cabe. Zipatso zikayamba kufiira zifika mbalame m'magulu, monga mpheta pa munda wa mapira. Dzina la mtengowu m'Cilatini, Prunus avium, litanthauza kuti cheri wa mbalame, ndipo amene anaucha dzinalo anali ataona zinthu. Mtengo waufupi auphimba ndi ukonde. Wamtali angougawana ndi mbalamezo, za pamwamba zao, za pansi za ana. Palinso kanchenche koikira dzira m'cipatso, nimubadwa mphutsi yoyera pafupi ndi nthangala; ndipo kuyambira 2008 kanafika ku Ulaya kanchenche kena kocokera ku Asia, kochedwa Drosophila suzukii, kamene kaboola khungu la cipatso cabwinobwino cikali pa mtengo. Koma mdani woopsa ndiye mvula. Ife tikondwera mvula ikagwa pa mbeu. Mwini cheri ayang'ana mitambo ndi mantha, pakuti madzi akakhalitsa pa cipatso cakupsa alowa pa khungu, cipatso nicitupa, nicing'ambika, ndipo m'masiku awiri caola.

Cifukwa cace tsiku lothyola salicedwetsa, ngakhalenso kulifulumizitsa. Nthoci ndi mango tithyola zosapsa, tizivundikira, zipsa m'nyumba. Cheri satero ai. Akacoka pa mtengo kutsekemera kwace kwalekera pomwepo. Mtengo umodzi upsa wonse m'sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pamenepo aitana ana, adzukulu ndi anansi. Athyola m'mamawa kukali kozizira, nagwira kaphesi, osati cipatso, nakapotokola pang'ono kukweza m'mwamba. Pakuti cheri wocotsedwa kaphesi akha madzi naola msanga. Ndipo akuru adzudzula ana okoka mwaphuma, popeza zipatso zimera pa timfundo tating'ono ta pa nthambi, timene tibala zaka zambiri. Wothyola kamfundo wathyola macheri a caka camawa. Kudulira nthambi acita atatha kukolola, kukali kouma ndi kofunda, cifukwa bala la mtengo m'nyengo ya cinyezi lilowetsa nthenda.

Poti mitengo siidziwa malire a munda, lamulo la ku Germany linaweruza mlandu umene kwathu kuno ufika kwa anyakwawa caka ndi caka pa nyengo ya mango. Cipatso cikali pa nthambi, ingakhale nthambiyo yadumphira kwa mnansi, ndi ca mwini mtengo. Koma cikagwa cokha m'munda wa mnansi, casanduka ca mnansi. Kugwedeza nthambi kuti cigwe ndiko kuletsedwa.

Macheri oyamba adyera pa makwerero pomwepo, milomo ndi zala ziri piriwiri, ana napikisana kulabvula nthangala patali. Otsala sakhala masiku ambiri, ndipo madzulo a sabata imeneyo amai ndi ana akazi akhala pa khomo kucotsa nthangala imodzi imodzi, naphika jamu, natsekera ena m'mabotolo ndi madzi a shuga, kuti m'mwezi wa January, mitengo iri mbee popanda tsamba, atsegule botolo limodzi pa Sande. Keke yochuka ya ku Schwarzwald aipanga ndi macheri owawasa. Ndipo timacheri takuda tating'ono alimi a kumeneko atcheza nato kacasu wao woyera ngati madzi, wochedwa Kirschwasser, amene sitimyamikira kwa munthu. Cimodzi cokha makolo acenjera naco: m'kati mwa nthangala muli kanjere kokhala ndi ululu wonga wa cinangwa cowawa. Kumeza nthangala yathunthu mwangozi sikupweteka munthu wamkuru, koma kuiswa ndi kutafuna njere zambiri nkoopsa, ndipo kwa khanda acotseratu nthangala ingamtsamwe.

Wina adzafunsa ngati tingabzale mtengowu kwathu. Abale ace a cheri tiri nao, ndiwo mapichesi a ku mapiri a Dedza ndi Ncheu. Koma mitundu ya mapichesi imeneyo ikhuta ndi cisanu cocepa, pamene cheri wa ku Baden afuna cocuruka koposa cimene June ndi July wathu angapereke. Ku cigwa ndi ku nyanja musataye ndalama zanu pa mbande zace. Abale athu ogwira nchito ku South Africa ndiwo angamuone pa mtengo, ku Ficksburg, m'malire a dziko la Lesotho, kumene cisanu ciri coopsa. Kumeneko macheri apsa mu October ndi November, pamene ife tikonza minda kudikira mvula yoyamba.