Chibale ndi Fupa, Mlandu Nawonso Suwola

Kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Salt Lake City, ku Utah, m'dziko la Amereka, kuli phiri la mwala wolimba limene anthu adaliboola ndi kusemamo zipinda, naika zitseko zolemera zachitsulo pakhomo pake, monga achitira ofuna kubisa golide kapena zida za nkhondo. Komatu chuma chimene adalowetsamo, ntchito yosemayo itatha m'chaka cha 1965, ndi maina a anthu akufa. Muli mipukutu ya mafilimu ang'onoang'ono yoposa 2 miliyoni, imene adajambulapo mabuku a ubatizo, a maukwati, a maliro ndi a kalembera ochokera m'maiko ambirimbiri. Eni nkhokwe imeneyi ndi a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, amene dziko lidawazolowera ndi dzina lakuti Amormoni, ngakhale atsogoleri awo masiku ano sakondwera nalo dzinalo.

Ine sindine wa mpingo umenewu, ndipo mikangano ya chiphunzitso ndiisiyira eni ake. Koma munthu sangamvetse changu chawo ngati sadziwa gwero lake. M'chaka cha 1840, ku Nauvoo m'chigawo cha Illinois, mneneri wawo Joseph Smith adaphunzitsa kuti wamoyo akhoza kubatizidwa m'malo mwa wakufa, potsamira pa zimene Paulo adalembera Akorinto m'mutu 15 wa kalata yoyamba. Ndipo popeza sungabatizidwire munthu amene dzina lake sulidziwa, kufufuza makolo kudasanduka ntchito ya chipulumutso, imene iwo aiona ngati kukwaniritsa mawu otsiriza a Malaki onena za mitima ya makolo ndi ana. Adakhazikitsa bungwe la Genealogical Society of Utah mu 1894, adayamba kutuma anthu a makamera mu 1938, ndipo mu 1999 adatsegulira dziko lonse nkhokwe yawo pa intaneti pansi pa dzina lakuti FamilySearch, kwaulere. Changucho nthawi zina chidapyola malire, pakuti Ayuda adadandaula kwambiri atapeza kuti abale awo ophedwa ndi Hitler nawonso akubatizidwiridwa, mpaka mpingo udalonjeza mu 1995 kuti uleka. Ngakhale zili choncho, ndinena mosapsatira kuti anthu amene asunga maina a osauka ndi a mafumu m'bokosi limodzi ayenera ulemu.

Mwa makolo onse amene Mmormoni wa ku Utah afunafuna, alipo amene awayesa ngale ya mtengo wapatali, ndiwo aja adaoloka chipululu njanji isanafike. Joseph Smith ataphedwa ndi gulu la anthu olusa m'ndende ya ku Carthage mu June 1844, otsatira ake adaona kuti ku Illinois mtendere wawathera, ndipo mu February 1846, kuzizira kuli pachimake, adayamba kuoloka mtsinje wa Mississippi, kusiya nyumba zawo za njerwa ndi kachisi amene anali asanamalize kumanga. Mazanamazana adatsala m'manda pa msasa wa Winter Quarters, m'mbali mwa mtsinje wa Missouri. Chaka chotsatira mtsogoleri wawo watsopano, Brigham Young, adatsogolera gulu loyamba la amuna 143, akazi 3 ndi ana 2, ndipo iye mwini adatsikira m'chigwa cha nyanja ya mchere pa 24 July 1847, tsiku limene ku Utah alikumbukira ndi tchuthi kufikira lero. Pofika pa 10 May 1869, pamene njanji yochokera kuvuma idakumana ndi yochokera kuzambwe, anthu pafupifupi 70,000 anali atayenda njirayo. Ndipo mayi wofuna kulowa m'bungwe la Daughters of Utah Pioneers, lokhazikitsidwa mu 1901, ayenera kuonetsa umboni kuti kholo lake linali paulendowo tsikulo lisanafike.

Nkhani imene igwetsa misozi koposa ndi ya 1856. Pofuna kuchepetsa ndalama zobweretsera otembenuka mtima osauka a ku Britain ndi ku Denmark, atsogoleri adakonza zakuti anthu asadikire ngolo za ng'ombe, koma azikoka okha tingolo ta mawilo awiri, aliyense ataloledwa zovala ndi zofunda zosapitirira makilogalamu 8, pa mtunda wa makilomita oposa 2,000. Magulu awiri, la James Willie ndi la Edward Martin, adanyamuka mochedwa, ndi tingolo topangidwa mofulumira ndi matabwa aawisi, amene pouma m'njira ankang'aluka ndi kugwedezeka. Ali pa msasa wa Florence, munthu wina wodziwa njirayo, dzina lake Levi Savage, adawadandaulira kuti agonere pomwepo kufikira kuzizira kutapita. Adamudzudzula kuti ngwochepa chikhulupiriro, ndipo iye, atagonja pa bwalo, adanyamuka nawo limodzi kukamva nawo zowawa zimene adazineneratu. Mawu a akulu akoma akagonera. Chipale chofewa chidawapeza m'mapiri a Wyoming mu October, ufa utachepa mpaka kusapitirira kapu imodzi pa munthu tsiku lonse. Ndipo m'mawa wotsatira tsiku limene gulu la Willie lidakwera chitunda cha Rocky Ridge, anthu 13 adaikidwa m'dzenje limodzi. Brigham Young adatuma ngolo zokawapulumutsa atangomva, koma mwa anthu pafupifupi 1,000 oposa 200 adafera m'njira.

Apa mpamene ndiyamba kusiyana ndi ofufuza ena. Magulu okoka tingolo analipo 10 okha, anthu ake ngati 3,000, ndiko kuti osakwana mmodzi pa 20 alionse amene adayenda njirayo, ndipo magulu 8 adafika popanda tsoka lalikulu chotero. Koma kangolo ndiko kali pa zipilala, ndiko kamene achinyamata a mpingowu akoka m'nyengo yotentha atavala zipewa ndi madiresi akale, ndipo ndiko kamene ofufuza ambiri alakalaka kukapeza pa khomo la agogo awo. Munthu wolowa m'nyumba ya mabuku atadziwa kale chimene afuna kupeza ali ngati mboni imene yapangana ndi mwini mlandu.

Ntchito yeniyeniyo njodekha ndi yotopetsa. Wofufuza ayamba ndi zimene adamva kwa azakhali, natsata dzinalo m'kaundula wa sitima zapamadzi zonyamuka ku Liverpool, m'mndandanda wa gulu limene kholo lidayenda nalo, m'mabuku a mpingo wa kumudzi kumene lidakakhazikika, m'kalembera wa boma, ndi pa chiliza. Paliponse pali msampha. Mlembi wa padoko ankalemba dzina monga lamvekera m'khutu mwake. Kwa anthu a ku Denmark dzina la bambo linkasintha mbadwo uliwonse, kotero kuti mwana wa Jens anali Jensen, koma mdzukulu wobadwa kwa Peder Jensen anali Pedersen, monga zichitikira kwathu kuno pamene mwana alembetsa kusukulu dzina loyamba la atate ake, mfunda nkutsalira kumudzi. Ndipo popeza mtengo wa mabanja wa FamilySearch ndi umodzi, woti aliyense akhoza kulembamo, cholakwa cha munthu mmodzi wopupuluma chikopedwa ndi anthu zana amene sadaone pepala loyambalo. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Zolakwa zotere zikonzeka ndi khama. Chovuta ndi chimene pepala lidabisa dala. Makolo ambiri a anthuwa anali a mitala, Brigham Young mwini adakwatira akazi oposa 50, ndipo boma la Amereka litakhwimitsa lamulo loletsa mitala mu 1882, amuna ankamangidwa, akazi aang'ono ankathawa ndi makanda kukabisala m'midzi ina, ena ndi maina obwereka, kufikira mpingo udalengeza zosiya mwambowo mu 1890. Mdzukulu wa mkazi wachitatu akhoza kupeza agogo ake aamuna atalembedwa m'mabuku asanu, agogo aakazi atangotchulidwa m'mphepete. M'gulu loyamba lija la 1847 munali akapolo atatu akuda, Green Flake, Hark Lay ndi Oscar Crosby, amene adalowa m'chigwa patsogolo pa Brigham Young, koma pa chipilala chakale cha mumzinda maina awo adawapatula nawatcha antchito achikuda; chipilala chowalemekeza monga anthu chidaimikidwa mu 2022, patapita zaka 175. Nanga dzikolo linali lopanda eni? Anali momwemo a Ute, a Shoshone, a Goshute ndi a Paiute, amene kwa iwo apaulendo othawa mazunzo aja anali atsamunda. Mu February 1850 asilikali a Amormoni adapha anthu makumi angapo a fuko la Timpanogos ku mtsinje wa Provo, ndipo ana ena a eni nthaka adakulira m'nyumba za alendowo, atalembedwa ndi dzina lachingelezi lokha.

M'chinenero chathu liwu lakuti mdzukulu lisenza matanthauzo awiri, pakuti atero mwana wa mwana wako, aterenso munthu amene asambitsa mtembo ndi kukumba manda; ndipo ine ndiyesa kuti wofufuza mbiri ya banja ali mdzukulu m'njira zonse ziwiri. Mdzukulu wa kumanda sasankha maliro. Saloledwa kunena kuti uyu anali wokongola ndimunyamula, uyo anali ndi zilonda ndimusiya.

Mwa adzukulu onse a apaulendo aja, amene ndimuvulira chipewa ndi mayi Juanita Brooks, wobadwa mu 1898 m'kamudzi ka Bunkerville ku Nevada. Ali mtsikana wophunzitsa sukulu ku Mesquite, nkhalamba ina yolemekezeka, Nephi Johnson, idamupempha kuti adzailembere zinthu zimene maso ake adaona koma lilime lake silidanenepo. Mtsikanayo adavomera, nazengereza, monga tichitira tonse poganiza kuti okalamba adzakhalapo sabata yamawa. Pamene adapita, mu 1919, adapeza mkuluyo ali kayakaya, akubwebweta ndi kufuula za magazi, ndipo adamwalira osanena kanthu komveka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Apo mpamene mtsikanayo adauzidwa kuti mkuluyo anali ku Mountain Meadows.

Ku Mountain Meadows, kum'mwera kwa Utah, mu September 1857, pamene dera lonselo linali ndi mantha pomva kuti Pulezidenti James Buchanan watuma asilikali kudzalanga Amormoni, gulu la mabanja ochokera ku Arkansas, opita ku California ndi ng'ombe zawo, lidazingidwa masiku asanu ndi asilikali a Amormoni a m'deralo pamodzi ndi a Paiute ena amene adawakopa. Pa 11 September John D. Lee adalowa mumsasa wawo ndi mbendera yoyera, nawalonjeza kuti akapereka mfuti adzawaperekeza mwamtendere. Adatuluka pamzere, mwamuna aliyense ali ndi msilikali pambali pake, ndipo chizindikiro chitaperekedwa adaphedwa anthu pafupifupi 120, amuna, akazi ndi ana, kutsala ana 17 okha amene adayesedwa aang'ono kwambiri kuti nkuchitira umboni. Mlandu adaukankhira kwa a Paiute. Patapita zaka 20, Lee yekha ndiye adaweruzidwa, nawomberedwa pa malo omwewo mu 1877.

Juanita Brooks, ali mayi wa pabanja lalikulu ku St. George, adatha zaka akutolera makalata ndi mabuku akale a anthu a m'midzi, nazindikira kuti agogo ake enieni, Dudley Leavitt, dzina lawo lili m'nkhaniyi. Buku lake lidatuluka mu 1950. Lidaonetsa kuti Lee adasenzetsedwa yekha katundu wa anthu ambiri, ndi kuti amene adachita zimenezi anali amuna opemphera, a mabanja, amene mantha ndi kumvera kopanda kufunsa zidawasandutsa zilombo tsiku limodzi. Ena a mumpingo mwake adamufulatira, koma iye sadatuluke mumpingomo, kapena kuleka kukonda agogo akewo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Alipo amene anganene, ndipo sindiwanyoza, kuti wakufa sangadziyankhire, ndi kuti kufukula zoipa zake nkuchititsa manyazi ana osalakwa. Mawuwa ali ndi nzeru yake, pakuti alipodi ofufuza amene akondwera ndi zonyansa monga ntchentche ikondwera ndi bala. Koma ndifunse: ana 17 aja analibe adzukulu kodi? Adabwezedwa ku Arkansas mu 1859, adakula, adabala, ndipo zidzukulu zawo nazonso zili ndi mtengo wa banja, umene nthambi zake zidadulidwa tsiku limodzi. Kukhala chete kwa banja lina ndiko kudasunga bala la banja linzake losapola. Ife amene makolo athu ena adaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, zaka 11 Amormoni asanaoloke Mississippi, ndipo ena adathawira m'mapiri poopa omwe adaolokawo, tidziwa bwino kuti ulendo umene fuko lina liuimbira ingoma, fuko lina liukumbukira ndi mabwinja. Akale amene adati chibale ndi fupa sichiwola ndi omwenso adati mlandu suwola, ndipo sindikhulupirira kuti adatipatsa ufulu wotola mwambi umodzi ndi kutaya unzake.

Mpingo udatenga nthawi yaitali kuti ufike pamene mayi uja adafika yekha. Mu 2007, pokumbukira zaka 150, mmodzi wa atumwi ake, Henry B. Eyring, adaima pa malopo nanena chisoni chachikulu cha mpingo kwa zidzukulu za ophedwa, ndiponso kwa a Paiute amene adasenzetsedwa mlandu wonse mosayenera. Chaka chotsatira akatswiri a mbiri a mumpingo momwemo adatulutsa buku lofotokoza zonse, atatsegulidwira zolembedwa zimene Juanita Brooks adakanizidwa kuziona. Iye anali atamwalira kale mu 1989.

Koma nthaka idayamba kulankhula atsogoleri asanatero. Mu August 1999, chaka chomwecho chimene FamilySearch idatsegulidwa pa intaneti, amisiri ankakonzanso chipilala cha ku Mountain Meadows, ndipo chimakina chokumbira chidafukula mafupa a anthu osachepera 28. Akatswiri adawayeza masiku ochepa amene adapatsidwa, napeza zigaza zobooledwa ndi zipolopolo ndi zina zophwanyidwa, za akulu ndi za ana. Palibe fupa limene adatha kulipatsa dzina lake. Pa 10 September zidzukulu za ophedwawo, zambiri zochokera ku Arkansas, zidasonkhana m'chigwamo ndi kuwaikanso m'manda onse pamodzi.